Jenerale Northey ndi Amtengatenga

Northey anali yani?

Edward Northey anabadwa mu 1868 ku England. Anaphunzira usilikali ku Sandhurst. Mu 1888 analowa gulu la asilikali lotchedwa King's Royal Rifle Corps. Anakamenya nkhondo kumalire a India, kenako ku South Africa polimbana ndi Mabunu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, anapita ku France, ndipo kumeneko anavulala. Atachira, boma la Britain linamutumiza ku Nyasaland kumayambiriro kwa 1916. Ntchito yake inali kuthamangitsa Ajeremani amene ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania.

Nkhondo ya Chiwaya

Nkhondoyi makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Mu Meyi 1916 asilikali a Northey anawoloka malire kumpoto kwa Karonga. Analanda Tukuyu, Iringa ndi Songea. Koma mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anali wochenjera. Ankamenya n'kuthawa. Mu Novembala 1917 anawoloka mtsinje wa Ruvuma n'kulowa m'Mozambique. Mu Ogasiti 1918 nkhondo inakafika ku Lioma, kwawo kwa Alomwe. Von Lettow-Vorbeck anagonja pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero timati Mbala, ku Zambia.

Katundu wodutsa pa Luchenza

Msilikali samenya nkhondo ndi njala. Katundu wa nkhondo ankachokera ku Chinde, ku Mozambique, n'kukwera mtsinje wa Zambezi. Kenako ankakwera sitima ya pamtunda yodutsa pa Luchenza, kuno ku Thyolo, mpaka ku Limbe. Kuchoka uko ankapita ku Mangochi, n'kuwoloka nyanja pa sitima za pamadzi. Kutsidyako misewu yabwino kunalibe. Mpunga, zipolopolo ndi mahema zinkayenda pamitu pa anthu.

Anthu amenewa ndiwo amtengatenga. Amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwira ntchitoyi. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo. Mabwana a boma ankalamula mafumu kuti apereke anthu, ndipo apolisi ankagwira amuna m'midzi, nthawi zina usiku. Ena ankathawira kutchire. Mtolo umodzi unkalemera kuposa makilogalamu 20. Ankayenda opanda nsapato, mvula ili pamsana, chakudya chili chochepa. Kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha anthu ochuluka. Nkhondo ikutha, kunabweranso mliri wa fuluwenza.

Thangata

Masiku amenewo tiyi ku Thyolo anali atangoyamba kumene. Anayamba kubzalidwa mu 1908. Minda yaikulu inali m'manja mwa azungu. Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique ankakhala m'mindamo. Pofuna malo okhala, ankagwirira ntchito mwini munda. Imeneyi ndiyo thangata. Choncho boma litayamba kugwira amtengatenga, anthu sanaone kusiyana. Nayonso ntchito ya kunkhondo anaitcha thangata.

Mamendulo

Northey anakwezedwa kukhala Meja Jenerale. Mu 1917 analandira ulemu wa CB. Mu 1918 analandira KCMG, ndipo anayamba kutchedwa Sir Edward. Ulemu wina woposa, GCMG, unabwera mu 1922. Kunena zoona, anali msilikali wodziwa ntchito yake. Koma popanda mitu ya amtengatenga sakanafika ngakhale ku Songea. Ku Zomba kuli nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Amtengatenga ambiri anafera m'njira, ndipo manda awo alibe chizindikiro.

Zaka zotsiriza

Kuyambira 1919 mpaka 1922 Northey anali bwanamkubwa wa Kenya. Kumenekonso analamula kuti mafumu azikankhira anthu kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Amishoni anadandaula kwambiri ndi lamulolo. Anapuma usilikali mu 1926 ndipo anamwalira mu Disembala 1953. Mu Ogasiti chaka chomwecho, anthu a ku Thyolo anali ataukira eni minda chifukwa cha malo, thangata ndi Chitaganya. Thangata inathetsedwa mu 1962.