Gawo la Mwini Nthaka

Mu 2009, mgodi wa Kayelekera ukutsegulidwa ku Karonga, ife kuno ku Kawale tinkangomvera pa wailesi. Malume anga anati, "Mphwanga, yureniyamu ameneyu atichotsa umphawi, uona!"

Boma linatenga magawo 15 pa 100 alionse mumgodiwo, otsalawo a kampani ya Paladin ya ku Australia. Lamulo loti nzika ilandireko kenakake m'manja panalibe. Mu 2014 mitengo itagwa, mgodi unaima. Malume anatisiya asanaone ndi tambala yomwe.

Anzathu a ku Alaska, m'dziko la America, anayamba ndi lamulo. Mu 1976, mafuta asanayambe kuyenda m'mapaipi, anavota kuti kotala ya ndalama zimene makampani amalipira boma pokumba chumacho izisungidwa m'thumba lapadera. Mu 1982 anayamba kugawana: munthu aliyense, khanda lomwe, madola 1,000. Mpaka lero chaka sichipita osalandira.

Tsopano miyala ya rutile yapezeka pa Kasiya, pakhomo penipeni pa Lilongwe. Abale anzanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za kagawidwe tikambiranetu khasu lisanalowe pansi.