Masewero 99 ali panja: nkhani ya Bongo Lang

Anzanga, pa tsamba la mbiri sabata ino tiyeni tipite ku Melbourne, m'dziko la Australia. Kumeneko ali ndi mpira wawowawo. Mpira wake ndi wooneka ngati dzira, timu imakhala ndi osewera 18, ndipo amaugwira ndi manja komanso kuumenya ndi mwendo.

Mu 1906, mnyamata wina dzina lake Alex Lang, amene anzake ankamutchula kuti Bongo, anayamba kusewerera timu ya Carlton mu ligi ya VFL, imene lero imatchedwa AFL. Mphunzitsi wake anali Jack Worrall. Lang anali dolo zedi pakati pa bwalo, ndipo Carlton inatenga chikho mu 1906, 1907 ndi 1908 iye akusewera. Zikho zitatu motsatizana, tangoganizani!

Zinthu zinasokonekera mu 1910. Kutatsala pang'ono kuti Carlton ikumane ndi South Melbourne mu semifainolo, akuluakulu a timu anachotsa Lang, Doug Fraser ndi Doug Gillespie pa mndandanda. Mlandu wake unali woti analandira ziphuphu kuti asewere mwaulesi, timu yawo igonje. Ligi itafufuza, Gillespie anapezeka wosalakwa. Lang anavomera kuti ndalama analandiradi, koma anati analibe maganizo ogulitsa masewerowo. Sizinamveke. Iye ndi Fraser anawaletsa kusewera kwa zaka 5, omwe ndi masewero 99. Chaka chimenecho Carlton inagonja kwa Collingwood mu fainolo.

Musafulumire kumuweruza yekha. Nthawi imeneyo malamulo a ligi sankalola kulipira osewera, pomwe anthu ankadzaza mabwalo ndipo ndalama za pageti zinkalowa. Wosewera wopanda kanthu m'thumba anali nyama yofewa kwa otchova juga. Mu 1911 ligi inalola kuti osewera azilipidwa poyera.

Komabe amene analipira mtengo ndi Lang. Carlton inatenganso chikho mu 1914 ndi 1915 iye akungoonerera. Anabwerera mu 1916, koma zaka zake zamphamvu zinali zitapita, moti mu 1917 anasiya. Fraser sanaseweretso n'komwe mu ligiyo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Lero ukatchula Bongo Lang, anthu amayamba akumbukira nambala ya 99, zikho zitatu zija pambuyo. Ndiye iwe amene umasewera Loweruka, wina akadzakukokera kuseri kwa golo atafumbata kenakake, udzakumbukire nambala imeneyi.