Msonkho wa nyumba ndi ukwati

Liu lakuti msonkho ndi lathu. Apwitikizi analipeza m'cigwa ca Zambezi, nalilemba m'mabuku ao kuti mussoco. Kale banja liri lonse linkasonkha kwa mfumu kamodzi pacaka. Linkapereka dengu la mapira kapena la cimanga, mwina nkhuku. Azungu atatenga maiko ochedwa prazo ku Tete ndi ku Sena, anayamba kulandira zosonkhazo ndi iwo. Komabe munthu ankapereka zimene walima ndi zimene waweta.

M'caka ca 1890 zinthu zinasintha. Nduna ina ya ku Lisboa, António Enes, inaika lamulo lakuti m'maprazo munthu wamkulu azisonkha ma réis 800 pacaka. Theka lace ankalipira pogwira nchito m'minda ya mwini prazo. Kumene kunalibe maprazo kunafika msonkho wa nyumba, umene Apwitikizi ankauchula imposto de palhota. Companhia do Niassa, imene inalamulira Niassa ndi Cabo Delgado kufikira 1929, inkadalira kwambiri msonkho umenewu.

Tsono tiyeni tione m'mene msonkhowu unalowera m'banja.

Mlembi wa msonkho akafika pamudzi sankafunsa kuti mwakolola zingati. Sankafunsanso kuti mukudyetsa ana angati. Iye ankawerenga madenga. Ife tidziwa kuti pa mwambo wathu mkazi wokwatiwa ali yense amakhala ndi nyumba yace, mafuwa ace ndi nkhokwe yace. Mwamuna wa mkazi mmodzi ankalipira nyumba imodzi. Wamitala wa akazi atatu ankalipira nyumba zitatu, ngakhale caka ca njala. Mnyamata akakwatira namanga kanyumba kace, dzina lace linkalowa m'buku. Banja likakula, ngongole ya kuboma inkakulanso. Ana sankacepetsa msonkho ngakhale pang'ono.

Nzeru imeneyi sinayambire kuno. Angerezi anaiyesa ku Natal m'caka ca 1849, pamene anaika masheleni 7 pa nyumba iri yonse. Ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, anaika masheleni 10 pa nyumba m'caka ca 1894. Nyumba nzosavuta kuwerenga, cifukwa sizithawira kuthengo monga amathawira anthu. Koma anthu nawo sanagone. M'maiko ambiri anayamba kupanikizana m'nyumba imodzi kuti madenga acepe. Pamenepo maboma anatembenukira kumitu ya anthu. M'caka ca 1904 ku Southern Rhodesia anati mwamuna ali yense azilipira paundi 1, ndipo aziwonjezera masheleni 10 pa mkazi waciwiri, enanso 10 pa wacitatu. Apa panalibenso zobisa. Ukwati weniweniwo unali ndi mtengo wace m'buku la boma.

Ndalama zinkacokera kuti? Pamudzi panalibe. Ndipo atsamunda ankadziwa zimenezo, cifukwa cimene ankafuna kwenikweni ndi manja a anthu. Ku Nyasaland, kumene lero ndi ku Malawi, sanabise konse. Msonkho wa nyumba unali masheleni 3 m'caka ca 1894. Patapita zaka zocepa anaukweza kufika masheleni 6, koma amene wagwira nchito kwa Mzungu mwezi umodzi ankalipira 3 cabe. Kuno kwathu lamulo la 1899 linati mwamuna wakuda ali ndi udindo wogwira nchito, ndipo wolephera msonkho ankatengedwa kucibalo. M'caka ca 1913 Apwitikizi anapangana ndi a ku Southern Rhodesia kuti azilemba amuna a ku Tete kukagwira nchito kumeneko. Ena anapita kuminda ya nzimbe ku Marromeu ndi ku Luabo.

Taganizani za mudzi wa cikamwini. Nyumba iri kwao kwa mkazi. Mwamuna ndi mkamwini, anabwera kudzalima ndi kudzamanga. Iye akapita kukafuna ndalama za msonkho, munda utsala ndi mkazi, ana atsala ndi mkazi, dengalo litsalanso ndi mkazi. Amuna ena ankabwera patapita miyezi 6. Ena ankacedwa zaka. Ena sanabwerenso, ndiwo amene tiwachula macona. Koma denga linali pomwepo, ndipo mlembi ankaliwerenga caka ndi caka.

Apa ndi pamene pali nkhani yowawa kuposa zonse. Asilikali a msonkho, amene ankachedwa cipaio, akapeza kuti mwamuna palibe kapena wathawa, ankagwira mkazi. Ankamsunga kuboma ngati cikole mpaka mwamuna kapena abale ace atabweretsa ndalama. Ali komweko ankagwira nchito yopanda malipiro, ndipo ambiri anacitidwa zamanyazi. Zimenezi zinacitika m'dziko la Companhia do Niassa, zinacitikanso ku Nyasaland. Nyumba za olephera msonkho nthawi zina zinkatenthedwa. Ife tiona kuti anasankha mkazi mwadala. Mwamuna akhoza kugona kuthengo mwezi wathunthu, koma mai wa mwana wakhanda ndi nkhokwe sangapite patali.

N'cifukwa cace mabanja ambiri anasamuka usiku, nawoloka malire kunka ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Amene anafika kuminda ya Azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo anapezanso msonkho wa nyumba ukuwadikira, pamodzi ndi thangata. Abale athu ena amene ali tsidya lija la malire anapita m'njira imeneyi.

Malamulo osiyanitsa anthu akuda, ochedwa indigenato, anathetsedwa m'caka ca 1961, ndipo dziko lathu linalandira ufulu m'caka ca 1975.

Msonkho sunathe, koma funso la mlembi linasintha. M'caka ca 2003 unayamba msonkho wochedwa IRPS. Umenewu uyang'ana ndalama zimene munthu wapeza, monga malipiro a mphunzitsi, a namwino kapena a woyendetsa galimoto. Wopeza zocepa kwambiri sufika pa iye. Poyamba, ndalama za mwamuna ndi za mkazi wace ankaziphatikiza n'kuziwerenga ngati za banja limodzi. Lamulo la 2013 linalekanitsa: mwamuna payekha, mkazi payekha, ali yense ndi zimene wapeza. Lamulo lomwelo linafunsanso za anthu amene munthu akuwasunga, makamaka ana. Anawaika m'magulu: wopanda mwana, wa mwana 1, wa ana 2, wa ana 3, ndi wa ana 4 kapena kuposa. Anthu awiri akamalandira malipiro ofanana, wa ana 4 ankamdula msonkho wocepa kuposa mnzace wopanda mwana.