Kuphwanya nambala ndi kompyuta: masamu a kusukulu amene amalondera ndalama za pa foni

Kuphwanya nambala ndi ntchito yofufuza nambala zosagawika zimene zikachulukitsidwa zimapereka nambala yomwe munthu wayamba nayo. Nambala yosagawika ndi nambala yoposa 1 imene imagawika popanda zotsala ndi 1 komanso iyo yomwe basi, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Mwana wa sukulu ku Chiwanga, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Metangula m'boma la Lago, amakumana nazo m'buku la Chipwitikizi monga números primos, pamene mnzake wa pachilumba cha Likoma amazidziwa kuti prime numbers. Onse awiri amaphunzira mfundo imodzi: nambala iliyonse yoposa 1 imakhala yosagawika, kapena imaphwanyika m'njira imodzi yokha. Maziko a mfundoyi ali m'mabuku a Euclid a cha m'ma 300 BC, ndipo Carl Friedrich Gauss anaitsimikizira mokwanira mu 1801.

Tinene kuti asodzi a usipa pagombe la Chiwanga atsala ndi mametikali 1,001 oti agawane mofanana. Akakhala awiri, atatu, asanu kapena khumi, pamatsala ndalama yokanganirana. Chifukwa chake n'chakuti 1,001 ndi 7 × 11 × 13. Gulu la anthu 7, 11 kapena 13 lingagawane bwinobwino, chimodzimodzinso la anthu 77, 91 kapena 143. Wodziwa nambala zitatu zosagawikazo wadziwiratu magawidwe onse otheka.

Chidwi ndi nambala zoterezi n'chakale kwambiri, mwinanso kuposa mmene mabuku amanenera. Mu 1950, Jean de Heinzelin anafukula fupa ku Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko la Congo, lomwe lakhalapo zaka pafupifupi 20,000. Mzere wina pafupalo uli ndi timizere togobedwa m'magulu a 11, 13, 17 ndi 19, zomwe ndi nambala zosagawika zonse zapakati pa 10 ndi 20. Akatswiri amatsutsana ngati wogobayo ankadziwadi zimene ankachita kapena zinangochitika. Zomwe sizikayikitsa n'zakuti Eratosthenes, wobadwira ku Cyrene m'dziko lomwe lero ndi Libya, amene ankayang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria, anasiya njira yosefera nambala zosagawika imene mapulogalamu akugwiritsabe ntchito.

Pulogalamu yosavuta kwambiri imatsata zomwe mphunzitsi amachita pabolodi. Imatenga nambala, n'kuyesa kuigawa ndi 2. Ikagawika popanda zotsala, imalemba 2, n'kupitiriza ndi yankho lomwe latuluka, ndipo imabwereza mpaka 2 atakana. Kenako imapita pa 3, pa 5, pa 7, n'kumakwera choncho. Taonani 1975, chaka chomwe Mozambique inalandira ufulu. Pa 2 ikukana, pa 3 ikukana, pa 5 ikulola n'kusiya 395, pa 5 kachiwiri ikusiya 79. Pa 7 ikukana. Apa pulogalamu yolembedwa mwanzeru imaima, chifukwa 9 × 9 ndi 81, yomwe yadutsa kale 79. Nambala ikakhala yogawika, imodzi mwa zoigawa siingapose square root yake (nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka nambalayo), choncho 79 ndi yosagawika ndipo yankho ndi 5 × 5 × 79. Chaka cha ufulu wa Malawi, 1964, chimatuluka 2 × 2 × 491.

Lamulo loimira pa square root ndilo limasiyanitsa pulogalamu ya wophunzira wakhama ndi ya wongokopera. Popanda lamuloli, kutsimikiza kuti nambala yoyandikira 1,000,000 ndi yosagawika kumafuna kuyesa pafupifupi ka 1,000,000. Nalo, ka 1,000 kokha. M'chinenero cha Python zonsezi zimakwana m'mizere khumi kapena kucheperapo. Ongoyamba kumene amaphonya kawirikawiri malo awiri: amagawa kamodzi n'kuthamangira nambala yotsatira, moti 8 amatuluka 2 ndi 4 m'malo mwa 2 × 2 × 2, kapena amaiwala kulemba nambala yotsala kumapeto, ngati 79 uja.

Vuto limabwera nambala ikatalika. Tiyerekeze kompyuta yoyesa kugawa ka 1,000,000,000 pa sekondi iliyonse, ndipo yapatsidwa nambala yopangidwa ndi zosagawika ziwiri zazikulu mofanana. Ya madijiti 20 imatha m'masekondi khumi. Ya madijiti 30 imatenga masiku oposa 11. Ya madijiti 40 imafuna zaka zoposa 3,000. Koma kuchulukitsa nambala ziwirizo kuti upeze yaikuluyo, ngakhale foni yotchipa imachita nthawi yomweyo.

Akatswiri a masamu akhala akufunafuna njira zachidule kwa zaka mazana. Pierre de Fermat, m'zaka za m'ma 1600, ankalemba nambala ngati kusiyana kwa masikweya awiri: 8,051 ndi 8,100 kuchotsa 49, kutanthauza 90 × 90 kuchotsa 7 × 7, ndipo pamenepo 83 ndi 97 zimaonekera zokha. Mu 1903, Frank Nelson Cole anaimirira pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku New York n'kuonetsa pabolodi kuti nambala yopezeka pochulukitsa 2 maulendo 67 n'kuchotsa 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287. Anaipeza ndi pensulo ndi pepala. Lero lamulo lotchedwa factor, lomwe limabwera ndi makompyuta a Linux, limatulutsa yankho lomwelo munthu asanachotse chala pabatani. Pakati pa nthawi ziwirizi panabwera njira ya rho ya John Pollard mu 1975, quadratic sieve ya Carl Pomerance mu 1981, kenako number field sieve, yomwe ndiyo yachangu koposa pa nambala zazikulu kwambiri.

Kuvutaku kunasanduka chuma mu 1977, pamene Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman a ku MIT analengeza njira yobisira uthenga yotchedwa RSA. Mwini wake amasankha nambala ziwiri zosagawika zazikulu, n'kuzisunga mwachinsinsi, koma amalengeza poyera nambala yotuluka pozichulukitsa. Aliyense angatseke uthenga ndi nambala yapoyerayo, koma wotsegula ndi yekhayo wodziwa ziwiri zobisikazo. Chaka chomwecho Martin Gardner anasindikiza m'magazini ya Scientific American nambala ya madijiti 129 kuti aliyense ayese kuiphwanya. Inapirira mpaka April 1994, pamene anthu odzipereka pafupifupi 600, olumikizana pa intaneti, anaigonjetsa patatha miyezi isanu ndi itatu. Nambala ina yoyesera yotchedwa RSA-768, ya madijiti 232, inagwa mu December 2009. RSA-250, ya madijiti 250, inagwa mu February 2020, itadya ntchito yofanana ndi zaka pafupifupi 2,700 za purosesa imodzi.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imafika pagombe. Ndalama za usipa wochoka ku Lago kupita ku Lichinga zimatha kuyenda pa foni masiku ano, kudzera pa M-Pesa ya Vodacom, yomwe inayamba ku Mozambique mu 2013, kapena e-Mola ya Movitel. Wolemba pulogalamu amene akufuna kulumikiza sitolo yake ndi M-Pesa ya ku Mozambique amapatsidwa kiyi yapoyera ya RSA, yokhala ndi nambala yolengezedwa poyera ija, ndipo amaigwiritsa ntchito kutseka nambala yake yachinsinsi asanatumize pempho lililonse la malipiro. Masamba ambiri a mabanki pa intaneti nawonso amadzitsimikizira ndi makiyi a RSA. Makiyi ofala amakhala ndi madijiti 617, kuposa kawiri RSA-250, ndipo palibe amene walengeza kuti waphwanya kiyi yopangidwa bwino ya msinkhu umenewo. Kunena zoona, akuba a ndalama za pa foni savutika n'komwe ndi masamu amenewa; amangoimba foni n'kunyengerera munthu kuti awauze PIN.

Chodabwitsa china n'chakuti kudziwa ngati nambala ndi yosagawika n'kosavuta kusiyana ndi kuiphwanya. Mu 2002, Manindra Agrawal ndi ophunzira ake awiri, Neeraj Kayal ndi Nitin Saxena, a ku Kanpur m'dziko la India, anatsimikiza kuti funso loyambalo lingayankhidwe mwachangu nthawi zonse. Kompyuta ingathe kunena motsimikiza kuti nambala ya madijiti 600 ndi yogawika, koma osadziwa chomwe chimaigawa. Palibenso amene watsimikiza mwa masamu kuti njira yachangu yophwanyira nambala pa kompyuta wamba kulibe. Chitetezo cha RSA chatsamira pa mfundo yakuti anthu anzeru ayesa kwa nthawi yaitali ndipo alephera.

Chiopsezo chodziwika ndi kompyuta ya quantum. Peter Shor anaonetsa mu 1994 kuti makina otere, atakhala aakulu mokwanira, angaphwanye makiyi a RSA mosavuta. Mu 2001 akatswiri a IBM anayesa njira yake ndipo anapeza kuti 15 ndi 3 × 5, yankho lomwe mwana wa pulayimale ku Chiwanga amapereka pamtima. Makina a lero akadali kutali ndi madijiti 617, komabe maboma ndi mabanki sakudikira kuti afike. Mu August 2024, bungwe la NIST la ku United States linatulutsa malamulo oyamba a njira zatsopano zobisira uthenga zomwe sizidalira kuvuta kwa kuphwanya nambala.