Mantha a cheza cha yureniyamu, kuyambira ku Karonga mpaka ku Kafue

Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, kumadzulo kwa Karonga ku Malawi, unatsegulidwa mu Epulo 2009. Chaka chisanathe, mu Disembala, zivomezi zinagwedeza boma la Karonga motsatizana ndipo nyumba zambiri zinagwa. Funso linali losapeweka: dziwe la zinyalala za mgodi litang'ambika, madzi a m'mitsinje ya Sere ndi North Rukuru, omwe amakathira m'nyanja, angamwekenso? Cheza choopsa chotchedwa radiation sichioneka ndiponso sichinunkha. Wopanda chipangizo choyezera amangodalira zomwe wauzidwa.

Pa 11 Malichi 2011 chivomezi ndi mafunde aakulu zinakantha Japan, anthu oposa 18,000 anafa kapena kusowa. Koma mawailesi a dziko lonse anakakamira pa malo opangira magetsi ndi yureniyamu a Fukushima Daiichi, omwe anawonongeka ndi kutulutsa cheza. Ku China anthu anathamangira kugula mchere m'masitolo, atamva mphekesera yoti umateteza ku cheza. Anthu oposa 150,000 anasamutsidwa, ndipo apa mpamene mtima wanga umawawa: oposa 2,000 m'chigawo cha Fukushima, ambiri okalamba ndi odwala, anafa ndi mavuto a kusamukako, kuchotsedwa m'zipatala ndi kukhala m'misasa. Komiti ya asayansi ya United Nations, UNSCEAR, itafufuza kwa zaka, sinapeze matenda pakati pa anthu a m'deralo oti nkunena kuti abwera ndi cheza. Nkhani imeneyi siinamveke ngati yoyamba ija.

Mantha anagwetsa mtengo wa yureniyamu, ndipo mu 2014 kampani ya Paladin Energy inaimitsa ntchito ku Kayelekera. Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho inaboola thanki yosungira madzi otsika pa fakitale. Kampani inati pafupifupi madzi onse anatsalira mkati mwa mpanda wotchingira, osefukira sanapitirire malita 50. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu anakayika, manyuzipepala analemba mbali zonse ziwiri. Mayi wotunga madzi mu Sere anatsala pakati, chifukwa manambala anachokera kwa mwini mgodi, pomwe otsutsa anali ndi mkwiyo womveka koma wopanda muyezo.

Kwathu ku Zambia zinatifika pa 18 Febuluwale 2025, pamene dziwe la zinyalala la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka ndi kuthira asidi m'mitsinje yolowa mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, Kitwe anatsekeredwa madzi. Mu Ogasiti ofesi ya kazembe wa America inachotsa antchito ake m'deralo, ndipo pa ziphe zomwe inatchula panali yureniyamu. Boma linayankha kuti palibe chochititsa mantha.

Kuno ku Petauke ndi ku Nyimba nkhani zotere zimatipeza pa wailesi ndi pa WhatsApp, zitasanduka kale mkangano wa akuluakulu. Komatu dziko lino lili ndi Radiation Protection Authority, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2005, ndipo kuyeza cheza ndiyo ntchito yake. Ndikufuna kumva mtolankhani wa wailesi ya kwathu akuwafunsa m'chinenero chathu kuti anayeza pa dooko liti, tsiku liti, anapeza zingati, nanga malire ovomerezeka m'madzi akumwa ndi angati.