Za Bungwe Loyang'anira Amisyoni, ndi Mlandu wa Masiku Oyamba

Abale athu a m'midzi, tikaima pa phiri la Zomba ndi kupenya kumene mtsinje wa Mulunguzi utsikira, tikumbuke kuti kumeneko John Buchanan, mlimi wa munda wa Misyoni, anatsegula nchito ya Eklesia wa ku Scotland caka ca 1879. Koma iye sanakhalitsa m'nchitoyo, ndipo cimene cinamcotsa ndico tifuna kukamba.

Mpingo uli wonse wotumiza anthu kutali uika akulu akuyang'anira otumidwawo. A Mormon a ku America anaika bungwe lao la Atumwi khumi ndi awiri ku Kirtland caka ca 1835. A ku Scotland nao anali ndi bungwe lao ku Edinburgh. Koma ku Edinburgh nkutali, kalata inali kutha miyezi panjira, ndipo mbusa wogona kutali sadziwa cimene cilowa m'khola usiku.

Misyoni ya Blantyre inayamba caka ca 1876. Popeza Boma la Azungu linali lisanafike, amisyoni anayamba kuweruza milandu okha monga mafumu. Anakwapula anthu ndi cikoti, wina nafa nayo mikwapuloyo. Ndipo caka ca 1879 anaombera mfuti munthu amene anamnenera kuti anapha mkazi. Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, anadziwa izi ali m'dziko muno, nazisindikiza m'kabuku ku London caka ca 1880. Pamenepo bungwe linatuma Dr. Rankin ndi Alexander Pringle kudzafunsa mlanduwo. Ndipo caka ca 1881 linacotsa Mbusa Duff Macdonald, Buchanan ndi George Fenwick, niletsa amisyoni kuweruzanso milandu ya dziko. Buchanan anatsala ku Zomba nalima khofi, namanga nyumba ya Consul, imene pambuyo pace inasanduka hotela ya Masongola.

M'malo mwao munafika Mbusa David Clement Scott, amene anakhulupirira kuti eni dziko ayenera kusenza nao ulamuliro wa Mpingo. Caka ca 1894 anapatula madikoni asanu ndi awiri a kuno, ngakhale Azungu ena anaipidwa nazo. Iye atacoka caka ca 1898 nchitoyo inazirala, ndipo mphamvu inatsala m'manja a Mission Council, bungwe la amisyoni okha okha. Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa caka ca 1911, ndipo C.C.A.P. inabadwa caka ca 1924, koma ndalama ndi masukulu zinali cikhalire kwa amisyoni. Bungwe lija linapereka zonse kwa Sinodi wa Blantyre caka ca 1959, ndipo caka ca 1962 Mbusa Jonathan Sangaya anakhala Mlembi Wamkulu, woyamba mwa ana a dziko lino.

Makolo athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa mlandu uja zinaterodi. Koma tilingalire: akadapanda kufika mlendoyo, okwapulidwa aja akadadandaula kwa yani? M'bungwe munalibe mmodzi wakumva cinenero cao. Tsopano mipando ija takhalapo ndife, akulu a Mpingo a m'midzi yathu yomwe, ndipo sitingathe kunena kuti tiri kutali. Mkazi wamasiye kapena mnyamata akadza ndi mlandu wotsutsa mmodzi wa ife, timumve kufikira atatha mau ace, tisanayambe kufunsa kuti iye ndani.