Njira zina zomvera nkhani ku Thyolo kupatula masamba a mchezo

Masiku ano anthu ambiri a m'tauni amayamba kumva nkhani pa Facebook kapena WhatsApp. Koma masamba a mchezowa alibe mkonzi, choncho choona ndi bodza zimafika m'foni zitavala malaya amodzi. Anthu a ku Thyolo amadziwa kuopsa kwa mphekesera: mu 2017 nkhani ya anamapopa idafala m'bomali komanso ku Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu angapo adaphedwa pongowaganizira. N'chifukwa chake n'kofunika kudziwa njira zina zomvera nkhani, zomwe zili ndi mwini wake woti angafunsidwe akalakwitsa.

Wailesi

M'boma la Thyolo, lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa 720,000, wailesi ndiyo njira yotsika mtengo kwambiri. Siifuna bandulo, ndipo foni zambiri za mabatani zimagwira FM munthu akangolumikiza mahedifoni. Wothyola tiyi ku Satemwa, Naming'omba kapena Makandi angathe kumva nkhani za m'mawa asanabereke dengu, n'kudzamvanso zamadzulo ataweruka.

Wailesi ya boma ya MBC idakhazikitsidwa mu 1964 ndipo imaulutsa pa Radio 1 ndi Radio 2. Zodiak, yomwe adayambitsa Gospel Kazako mu 2005, ili ndi atolankhani m'maboma ambiri. Palinso Times Radio, Capital FM ndi MIJ FM, komanso wailesi za m'madera monga Mzati ya ku Mulanje, zomwe zimanena za milatho, misika ndi maliro a kufupi ndi omvera. Zonsezi zimayendera chiphaso cha bungwe la MACRA.

Phindu la wailesi lidaonekera bwino mu Marichi 2023 pomwe namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kummwera, Thyolo n'kukhala limodzi mwa maboma omwe adalengezedwa kuti agwa m'ngozi. Magetsi atazima ndipo mafoni atatha moto, kawailesi ka mabatire kadapitiriza kufikitsa machenjezo a nthambi ya zanyengo ndi a DoDMA.

Nyuzipepala

Nyuzipepala imachedwerapo poyerekeza ndi wailesi, koma imafotokoza nkhani mwakuya ndipo imasungika. The Daily Times, yomwe chiyambi chake ndi cha mu 1895, ndi The Nation, yomwe adayambitsa Aleke Banda mu 1993, ndizo zotuluka tsiku ndi tsiku. Owerenga Chichewa ali ndi Tamvani mu Weekend Nation ndi Tikambe mu Malawi News, pomwe Fuko ndi Boma Lathu zimagawidwa ulere. Pamalo a malonda monga Bvumbwe ndi Luchenza, nyuzipepala imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Yemwe sangathe kugula angafunse kuofesi ya bungwe la NICE m'boma lake, komwe kumakhala malo owerengerako.

Amene ali ndi intaneti angatsegule mwachindunji masamba a nyuzipepalazi kapena a Malawi News Agency, m'malo modikira chithunzi cha mutu wa nkhani chomwe wina wachitumiza pagulu.

Kufunsa eni nkhani

Nkhani zina n'zofunika kuzimva kwa eni ake. Za malipiro a m'minda ya tiyi zimachokera ku zokambirana za Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU. Za chitukuko zimadzera kukhonsolo, m'makomiti a ADC ndi VDC komanso kwa mafumu. Pa zaumoyo pali nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zomwe akufuna kudziwa kuchokera kumaofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020.

Njirazi nazo zili ndi zofooka zake. Wailesi ya boma yakhala ikudzudzulidwa kuti imakondera chipani cholamula, ndipo nyuzipepala nazo zimalakwitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti wolakwiridwa angathe kukadandaula kwa mkonzi, ku Media Council of Malawi kapena ku MACRA. Nkhani yaikulu ikamveka, ndi bwino kuitsimikiza kunyumba ziwiri zofalitsa nkhani musanaiuze mnzanu.